Kamphete Kamene Kamaduka Mpunga Usanayambe Kudwala

Pali kanthu kamene ndinaona pa maikulosikopu pamene ndinkaphunzira za matenda a mbewu kunja kwa dziko lino, ndipo mpaka lero sikanandichoke m'mutu. Si kanthu koti munthu n'kudzidzimuka nako ayi. Kanali kadontho kofiira kamodzi kakusanduka timadontho tiwiri. Koma chiyambire tsiku limenelo, matenda a mpunga ndimawaona mwina.

Ine ndine mwana wa mlimi wa mpunga wa ku Nkhotakota, ndipo ngala zoyera ndinazidziwa ndisanadziwe kuwerenga. Munda umaoneka bwinobwino, Faya utabereka, kenako ngala zina n'kuyamba kuyera nthawi isanakwane, khosi lake litada n'kuthyoka. Mukapikicha m'manja, mphwepwa zokhazokha. Bambo ankati, "Chiwawu chimenechi chabwera ndi mame." Chaka chimene athira urea wambiri ankati feteleza wautentha. Pa zonse ziwirizi sankanama. Amene amachita zimenezi ndi fangasi, kachilombo ka m'gulu la nkhungu ndi bowa. Fangasi ameneyu, Magnaporthe oryzae, amafuna tsamba likhale lonyowa kwa maola angapo kuti alowe, ndipo mpunga wokhuta nayitulojeni ndi umene amaukonda. Zimene mlimi amaona n'zoona, kungoti iye nkhaniyo amaipeza ili kale pakati.

## Timapulasitiki tiwiri

Mayi amene ankatiphunzitsa ntchito za mu labotale, munthu wachikulire wosakonda zolankhulalankhula, anatipatsa madzi ooneka ngati mulibe kanthu. M'madzimo munali timbewu ta fangasiyu. Kambewu kalikonse kali ndi maselo atatu, tizipinda tating'ono timene timapanga thupi la chamoyo, ndipo selo lililonse lili ndi nyukiliyasi yake, mmene mumakhala makromozomu, timitolo ta DNA imene imasunga malangizo a chibadwa. Fangasi amene tinapatsidwayo anali atamusintha pang'ono kuti manyukiliyasi ake aziwala mofiira pa maikulosikopu. Choncho kambewu kalikonse kankaoneka ndi timadontho titatu.

Tinadontheza madziwo pa timapulasitiki tiwiri tosalala. Fangasiyu alibe maso, tsamba amalizindikira polikhudza. Pakakhala polimba, posalala, posalowa madzi, iye amati wafika pa mpunga. Pa kapulasitiki koyamba panali timbewu ndi madzi basi. Pa kachiwiri tinawonjezera mankhwala otchedwa hydroxyurea, amene amalepheretsa selo kukopera DNA yake.

Kenako kudikira. Ntchito yambiri ya mu labotale ndi kudikira, ndipo amene anakuuzani kuti ndi yosangalatsa nthawi zonse anakunamizani. Patapita kanthawi, kambewu kamene ndinkayang'ana kanatulutsa kamphukira kowonda kwambiri, kakukwawa pa pulasitikiyo. Nsonga yake inapindika n'kuyamba kutupa. Pakati pa maola 4 ndi 6 chidonthezereni, kadontho ka m'selo limene linatulutsa kamphukira kanatalika pang'ono. Kanakhala choncho, ngati kakukayika. Ndiyeno mwadzidzidzi kanaduka pakati. Theka limodzi linathamanga kudzera m'kamphukira muja mpaka kukalowa m'chotupa cha kunsonga, theka lina n'kutsala kumbuyo. Zonsezi zinachitika m'mphindi zochepa, moti mnzanga amene anatuluka kukayankha foni anapeza zatha.

Mmawa mwake tinapeza zina. Kambewu kaja kanali katafwifwinyala, timadontho take tonse titazimiririka. Kanali katadzidya kokha n'kutumiza zonse zam'kati mwake kutsogolo. Panatsala kadontho kamodzi basi, m'chotupa muja, chimene tsopano chinali chozungulira, chakuda bii. Chotupa chimenechi amachitcha appressorium, ndipo ndiye chida chake chobowolera tsamba. Kuda kwakeko ndi utoto wotchedwa melanin, umene umatseka khoma lake kuti zam'kati zisatuluke. M'katimo mumadzaza glycerol, amene amakoka madzi, madziwo amalowa, ndipo mphamvu yake imakwera mpaka 8 MPa, kutanthauza pafupifupi maulendo 80 kuposa mmene mpweya wotizungulirawu umatikanikizira. Ofufuza anaonetsa mu 1991 kuti kanthu kameneka kamatha kuboola ngakhale pulasitiki yolimba. Khungu la tsamba la mpunga kwa iko si kanthu. Pakatha masiku 4 kapena 5, m'pamene mlimi amaona timabala tosongoka uku ndi uku, totuwa pakati.

Pa kapulasitiki kachiwiri kunalibe zonsezi. Timbewu tinamera ndithu, timphukira tinakwawa, koma chotupa chakuda panalibe. Timadontho titatu tinali pomwepo, osagawanika, osafa. Fangasi wamoyo, koma wopanda chobowolera.

Ndinawafunsa mayi aja kuti, "Ndiye kuti akapanda kugawa nyukiliyasi kamodzi kokhaka, sangalowe m'tsamba?" Anagwedeza mutu povomereza. Kenako anandibwezera funso. Anati ndinaona kadontho kaja katatalika n'kuima kaye. N'chiyani chinkagwira magawo awiriwo kuti asatayane nthawi isanakwane, ndipo ndani analamula kuti tsopano zitayane?

Funso limenelo ndi limene linandilowetsa m'nkhani ya cohesin.

## Wogwira ndi wodula

Selo lisanagawanike limayamba lakopera kromozomu iliyonse kuti pakhale ziwiri zofanana ndendende. Magnaporthe ali ndi makromozomu akuluakulu 7, ndipo DNA yake yonse inawerengedwa n'kulengezedwa mu 2005. Ife anthu tili nawo 46. Vuto n'lakuti selo lilibe ubongo woti lizikumbukira kuti iyi ndi inzake ya iyi. Makope awiriwo akanati azitayana akangopangidwa, pogawa bwenzi selo lina likutenga awiri ofanana, linalo osapata n'limodzi lomwe.

Taganizirani mbuzi ziwiri zomangidwa chingwe chimodzi, mwazigulitsa kwa anthu awiri, wina wakumtunda, wina wakunyanja, ndipo kuli mdima. Aliyense wagwira n'kumakokera kwawo. Chingwe chapakati chikakungika, mukudziwa kuti aliyense wagwira yake. Chikalendewera, ndiye kuti onse agwira mbuzi imodzi, kapena wina sanagwire kanthu. Simungadule musanamve kuti chakungika. Selo limatero ndithu. Timaulusi totchedwa microtubule timagwira makope awiriwo kuchokera mbali ziwiri n'kumakoka, ndipo selo limadikira mpaka makromozomu onse atagwidwa bwino. Likatero limadula onse nthawi imodzi. Kuima kaye kumene ndinaona kuja kunali kumeneku.

Chomangiracho ndi mapuloteni amene amalumikizana n'kupanga kamphete. Awiri ataliatali, Smc1 ndi Smc3, amagwirana kumapeto kumodzi, ndipo wachitatu, Scc1, amene ena amamutcha Rad21, amatseka kumapeto kwinako. Wachinayi, Scc3, amakangamira pa Scc1. Kamphete kameneka ndiye cohesin, ndipo makope awiri a DNA amakhala m'kati mwake. Palinso ena othandiza. Scc2 ndi Scc4 amalowetsa kampheteko pa DNA. Eco1 amakakhoma kuti kasatseguke, ndipo amachita zimenezi pa nthawi yeniyeni imene DNA ikukoperedwa, makope awiriwo akadali pafupi. Akachedwa, mwayi wapita. Wodula ndi puloteni yotchedwa separase, koma iyo imakhala yogwidwa manja ndi ina yotchedwa securin. Zonse zikakhala m'malo, gulu la mapuloteni lotchedwa APC limalamula kuti securin aphwanyidwe, separase imamasuka n'kudula Scc1, kamphete kamatseguka, makope amatayana. Puloteni iliyonse mwa amenewa ili ndi gene yake, kachigawo ka DNA kosunga malangizo a kapangidwe kake.

Zimenezi sizinatulukiridwe m'munda ayi. Zinatulukira mu yisiti, yemweyu wofufumitsa buledi, amenenso ndi fangasi. Mu 1997 gulu la Kim Nasmyth ku Vienna m'dziko la Austria ndi la Douglas Koshland ku Baltimore m'dziko la America, aliyense payekha, anapeza ma gene amene akawonongeka makope a kromozomu amatayana msanga. Mu 1999 Frank Uhlmann, akugwira ntchito ndi Nasmyth, anaonetsa kuti Scc1 amachita kudulidwa.

Chimene chinandiseketsa ine, mwana wa dziko la fodya, ndi mmene anatsimikizira mu 2000 kuti kudulako pakokha n'kokwanira. Anatenga puloteni yodula kuchokera ku kachilombo kogwira fodya kotchedwa tobacco etch virus, n'kusintha Scc1 wa yisiti kuti akhale ndi malo amene puloteni ya kachilomboko ingadule. Ataiyatsa m'maselo amene anali ataimitsidwa asanagawe, makromozomu anatayana n'kupita mbali ziwiri, separase osagwira ntchito n'komwe. Matenda a fodya anathandiza kumasulira mmene selo la munthu limagawanikira.

## Chida chilipo, koma sichibowola

Kubwerera ku mpunga. Gulu la Nick Talbot, limene nthawi imeneyo linali ku Exeter m'dziko la England, ndi limene linalondola bwino nkhani ya kugawanika kumodzi kuja. Mu 2006 anaonetsa kuti kambewu kamayenera kudzidya n'kufa kuti matenda ayambe, ndipo kufako kumatsatira kugawanika kwa nyukiliyasi. Mu 2010 anapita patsogolo n'kuimitsa fangasiyu pa malo atatu osiyana. Ataimitsa kukopera DNA, chotupa sichinayambe n'komwe, monga zinachitikira pa kapulasitiki kathu kachiwiri. Atamulola kukopera koma n'kumuletsa kuyamba kugawa, chotupa sichinakhwime.

Malo achitatu ndi amene amandigwira mtima. Anawononga gene yotchedwa BIM1, imene puloteni yake ndi chiwalo cha APC, gulu lija lolamula kuti securin achoke. Fangasi wotereyu amayamba kugawa koma samaliza. Anapanga appressorium yooneka bwinobwino, moti munthu wongoyang'ana akanati mpunga wapita. Koma sinabowole. Chida chinali chokonzeka pa tsamba, ndipo m'kati mwake selo linali litakanirira pakati pa kugawanika.

APC imaphwanyanso mapuloteni ena, monga cyclin B, choncho si securin yekha amene anakanirira pamenepo. Koma njira yake ndi imodzimodzi imene imakathera pa kudula kamphete. Ngala iliyonse yoyera imene ndinapikichapo ndili mwana inadutsa pakhomo limeneli.

## Ndiye bwanji osapanga mankhwala ake?

Ili ndi funso limene aliyense amandifunsa ndikafika pamenepa, ndipo inenso ndinalifunsa. Nkhani zambiri za kafukufuku wa ma gene a fangasi zimatha ndi mawu akuti gene yakutiyakuti ingathandize kupanga mankhwala atsopano. Ndikaona mawu amenewo pa nkhani ya cohesin ndimakayika, ndipo zifukwa ndili nazo.

Kamphete kameneka si ka fangasi yekha. Kali mu mpunga womwewo, mu mbuzi, mwa inu ndi ine, ndipo kapangidwe kake sikanasinthe kwenikweni. Mwa anthu, gene yofanana ndi Scc2 imatchedwa NIPBL, ndipo mu 2004 zinadziwika kuti ikakhala yolakwika mwana amabadwa ndi vuto lotchedwa Cornelia de Lange syndrome, limene limakhudza kakulidwe ka thupi ndi ubongo. Gene ina yofanana ndi Eco1 ikalakwika imabweretsa Roberts syndrome. Palinso nkhani ya mazira a mayi. Timphete tawo timaikidwa mayiyo akadali m'mimba mwa amayi ake, ndipo timayenera kugwira kwa zaka makumi angapo. Kufooka kwa timphete timeneti ndi chimodzi mwa zifukwa zazikulu zimene ofufuza amapereka pofotokoza chifukwa chake Down syndrome, imene imabwera mwana akalandira kromozomu 21 yowonjezera, imachuluka mayi akamakula. Mankhwala owononga cohesin wa fangasi ayenera kusiyanitsa kamphete ka fangasi ndi ka munthu wopopera, amene kwathu kuno nthawi zambiri amapopera atavala malaya wamba, osaphimba mphuno.

Chachiwiri, tinayesapo kale kumenya fangasi pa kugawa makromozomu. Benomyl, amene anafika pamsika chakumapeto kwa zaka za m'ma 1960, ndi mnzake carbendazim, sagwira kamphete koma timaulusi tokoka tija. Amakangamira pa puloteni yotchedwa beta-tubulin, timaulusi timalephera kupangika, selo limakanika kugawa. Poyamba ankagwira ntchito modabwitsa. Pasanathe zaka zambiri, mafangasi ambiri anali atapima. Kusintha kachidutswa kamodzi kokha m'puloteniyo, monga pa malo a nambala 198, kumakwanira kuti mankhwala asagwirenso. Mankhwala omenya malo amodzi amagonja choncho.

Palinso vuto la kafukufuku weniweniyo. Njira yachizolowezi yodziwira ntchito ya gene ndi kuichotsa n'kuona chimene chasowa. Koma mukachotsa gene yopanga chiwalo cha kamphete kenikeniko, selo limangofa, ndipo mtembo sukuuzani zambiri. N'chifukwa chake ofufuza amagwiritsa ntchito mitundu imene gene yake imagwira bwino kukazizira n'kufooka kukatentha, monga anachitira ndi BIM1. Ndipo gene yothandizira ikachotsedwa, fangasi n'kumakula mofooka, osadwalitsa mbewu bwino, m'pofunika kufunsa ngati tapeza chinsinsi cha matenda kapena tangopundula fangasi basi. Wodwala aliyense amalephera ntchito.

Kwa ine, phindu la kudziwa nkhani imeneyi lili kwina.

## Makromozomu amene amatha kusowa

Mwa munthu, kusowa kapena kuwonjezereka kwa kromozomu imodzi ndi nkhani yaikulu. Mwa mafangasi ambiri odwalitsa mbewu si choncho. Kuwonjezera pa makromozomu amene sangakhale moyo popanda iwo, ali ndi ena ang'onoang'ono amene angathe kuwataya n'kumakhalabe bwinobwino.

Zinayamba kudziwika bwino mu 1991, pamene gulu la Hans VanEtten linapeza kuti fangasi wowoletsa mizu ya nsawawa, Nectria haematococca, amasunga gene yosukulutsira poizoni wodzitetezera wa nsawawa pa kromozomu yoti ikhoza kusowa. Kenako anaona kuti akamuthira benomyl pang'ono, kromozomu imeneyi imagwa pogawa, ndipo fangasi amatsala wamoyo koma mphamvu yake pa nsawawa itachepa. Zymoseptoria tritici, wowononga masamba a tirigu ku Ulaya, ali ndi makromozomu 21 mu mtundu umene DNA yake inawerengedwa, ndipo 8 mwa amenewa ndi otayika. Akakwerana, ana ena amatuluka opanda kromozomu ina, ena atatenga ziwiri, chizindikiro chakuti makope sanatayane bwino. Mu 2010, ofufuza a Fusarium oxysporum anachita chinthu chimene chinadabwitsa ambiri. Anaika pamodzi mtundu wofotetsa tomato ndi mtundu wina wosadwalitsa, ndipo kromozomu 14 yathunthu inasamuka kuchoka kwa woyamba kupita kwa wachiwiri. Wosalakwa uja anayamba kufotetsa tomato.

Bwanji zili zofunika kwa mlimi? Chifukwa mbewu yopirira matenda nthawi zambiri imapirira pozindikira puloteni inayake imene fangasi amatulutsa akalowa. Ikaizindikira imapha maselo ake ozungulira malowo, fangasi n'kuthera pomwepo. Fangasi akataya gene ya puloteni imeneyo, kapena akaisintha, mbewuyo simuonanso, amalowa mwakachetechete. Ndipo ma gene oterewa amakonda kukhala m'madera osakhazikika a DNA, kumapeto kwa makromozomu ndi pa makromozomu ang'onoang'ono aja. Alimi akamadandaula kuti mbewu imene alangizi anaitama yayamba kudwala patangopita zaka zochepa, kawirikawiri mbewuyo sinasinthe. Wasintha ndi mdani.

Apa m'pamene nkhani yogwira ndi kudula imandikhudzira kwenikweni. Kugawa kukamalakwika kwambiri, fangasi amafa. Kukanakhala kosalakwika n'kamodzi komwe, bwenzi akusintha pang'onopang'ono, ndipo mbewu zathu zopirira bwenzi zikukhalitsa. Iye ali pakati. Makromozomu ofunika amawagawa mosamala, ang'onoang'onowo amatha kugwa, kuchuluka kapena kusamuka, ndipo bala limodzi pa tsamba limatulutsa timbewu masauzande usiku uliwonse. Pa chiwerengero chotere, cholakwika chosowa chimapezeka ndithu.

## Ku Mpika si kutali

Magnaporthe sadya mpunga wokha. Ali ndi mafuko, lina la mpunga, lina la mawere, lina la maudzu akutchire. Mu 1985, ku Paraná m'dziko la Brazil, kunaoneka fuko logwira tirigu. Linafalikira ku Bolivia, Paraguay ndi Argentina, ndipo kwa zaka pafupifupi 30 linali vuto la ku South America kokha. Mu February 2016 linatulukira ku Bangladesh n'kugwira mahekitala pafupifupi 15,000, minda ina osakolola kanthu. Ofufuza monga Tofazzal Islam wa komweko ndi Sophien Kamoun wa ku Norwich m'dziko la England anaika poyera pa intaneti zimene ankapeza osadikira kusindikiza, ndipo posakhalitsa zinadziwika kuti fangasiyo ndi wochokera ku South America.

M'nyengo ya mvula ya 2017 mpaka 2018, matendawa anaoneka pa tirigu wa mvula m'boma la Mpika, chigawo cha Muchinga ku Zambia, chigawo chochita malire ndi Chitipa. Batiseba Tembo wa ku Zambia Agriculture Research Institute ndi anzake ndi amene analengeza zimenezi mu 2020, ndipo kanali koyamba kuti matendawa atsimikizidwe mu Africa. Tirigu wambiri wa ku Zambia ndi wothirira, wa m'nyengo yozizira ndi youma imene fangasiyu saikonda kwenikweni, ndipo zimenezi zinathandiza. Koma matendawa amayenda mu mbewu, ndipo mbewu sifunsa pasipoti.

Fangasi wa ku Bangladesh ndi wa ku Zambia ndi a mzere umodzi, umene amautcha B71 potengera chitsanzo chimene chinatengedwa ku Bolivia. Atawerenga DNA ya B71 mu 2019, anapeza kuti pambali pa makromozomu 7 aja ali ndi kena kakang'ono, ndipo pa kakang'onoko pali ma gene a mapuloteni amene fangasi amatumiza m'maselo a mbewu, monga PWL2 ndi BAS1. Zikuoneka kuti kakromozomu kameneka kamasinthana zidutswa ndi nsonga za makromozomu akuluakulu.

Kafukufuku amene anatuluka mu 2023 anabweretsa nkhani ziwiri. Yabwino inali yakuti mzere umenewu umagonja kwa tirigu wokhala ndi gene yopirira yotchedwa Rmg8, komanso kwa mankhwala a gulu la strobilurin. Inayo inali yakuti mu labotale fangasiyu anatha kusintha n'kupima mankhwalawo, ndiponso anatha kukwerana ndi mafuko a Magnaporthe amene ali kale mu Africa muno, kuphatikizapo a mawere.

Kukwerana kumeneko kumatibwezera kwa cohesin, koma wa mtundu wina. Pa kugawa kopanga timbewu ta kukwerana, m'malo mwa Scc1 mumalowa m'bale wake wotchedwa Rec8. Makromozomu a makolo awiri amayandikana n'kusinthana zidutswa, ndipo timphete ta Rec8 ndi timene timawagwira pamene akutero. Kudula kumachitika kawiri. Koyamba kumamasula mikono ya makromozomu kuti a makolo awiriwo atayane, pakati n'kutsala potetezedwa. Kachiwiri kumamasula pakatipo. Zotsatira zake ndi ana amene ma gene awo asakanizidwa mwatsopano. Kunja kwa madera ena a ku Asia, fangasi wa mpunga amangodzikopera yekha osakwerana, ndipo zimenezi zimachepetsa liwiro limene amasinthira. Wa tirigu akakumana ndi wa mawere m'munda weniweni n'kubereka, chimene chingatuluke sichidzakhala B71 amene tikumudziwa, ndipo palibe angalonjeze kuti Rmg8 adzamuzindikira. Mawere amalimidwa kumpoto kwa Zambia ndi ku Chitipa komwe.

## Chimene ndingapemphe

Ife tirigu timalima wochepa, m'madera okwera monga Tsangano. Koma mpunga tili nawo kuyambira ku Karonga mpaka ku Chilwa, mawere tili nawo, ndipo tili ndi malo ofufuzira za mpunga ku Lifuwu m'boma la Salima. Sindikunena kuti tiyambe kupikisana ndi Vienna pofufuza kapangidwe ka timphete. Zimenezo zimafuna makina amene ndalama zake zingagule feteleza wa boma lathunthu.

Ndikanafunsidwa, ndikanapempha chinthu chotsika mtengo kwambiri, kutolera ndi kusunga. Masamba ndi ngala zodwala zochokera m'masikimu osiyanasiyana, chaka ndi chaka, zolembedwa kumene zatengedwa ndi mtundu wa mbewu. Kuchokera pa bala limodzi munthu amatha kupatula kambewu kamodzi n'kukameretsa m'mbale. Magnaporthe savuta kusunga. Mumamulola kumera pa timapepala tosefera, mumatiumitsa, n'kutiika mu firiji ya madigiri 20 pansi pa ziro, ndipo amakhala zaka zambiri osasintha. Kuwerenga DNA kwatsika mtengo kwambiri ndipo kungachitike pambuyo pake, ngakhale kwina. Chimene sichingachitike pambuyo pake ndi kubwerera ku munda wa chaka chatha kukatenga fangasi wa nthawi imeneyo. Mbewu yopirira ikadzagonja, amene ali ndi zitsanzo za zaka zam'mbuyo adzatha kuyerekeza n'kuona kuti ndi gene iti kapena kakromozomu kati kamene kasowa kapena kabwera, n'kudziwa mbewu yoyenera kulowa m'malo. Amene alibe adzangosintha mbewu mwachimbulimbuli.

Timapepalato n'totchipa, mbale ndi zotchipa, ndipo achinyamata ophunzira zaulimi amene angagwire ntchitoyi alipo ambiri osowa chochita. Chodula pa ntchito yonseyi ndi kuonetsetsa kuti firijiyo isazime magetsi akathima.